Njira ya ku Manara: Mbiri ya Amene Anayenda Pansi Kukaona Nyali ya Alexandria

Nsanja ya nyali ya m'mphepete mwa nyanja imamangidwira munthu amene ali kutali. Mwini wake weniweni ndi mmalinyero wobwera usiku, amene akusuzumira mumdima kufuna kudziwa pamene pali khomo la doko ndi pamene pabisala matanthwe. Iyeyu alibe ntchito ndi kuchuluka kwa zipinda za nsanjayo, kapena kumene kwayang'ana chitseko chake; akangoona kuwala, mtima wakhala pansi. Komatu nsanja iliyonse yotere ili ndi mlendo wachiwiri, amene amaifikira kuchokera kumtunda, akuyenda wapansi pamwamba pa khoma la miyala lotchinga mafunde, uku madzi, uku madzi. Pa nsanja yotchuka kuposa zonse, ya mumzinda wa Alexandria m'dziko la Egypt, mlendo wachiwiriyu ndiye anatisungira mbiri. Nsanjayo inagwa zaka zoposa 600 zapitazo, ndipo zambiri zimene zikudziwika lero za maonekedwe ake zinachokera m'zolemba za anthu oyenda pansi, ena mwa iwo Asilamu amene anali paulendo wa Hajji.

Mzinda wa Alexandria unakhazikitsidwa ndi Alexander Wamkulu m'chaka cha 331 Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe. Patsogolo pa gombe limene anasankha panali chilumba chopyapyala chotchedwa Pharos. Amisiri a mafumu oyambirira a mzindawo anathira miyala m'nyanja kuchokera kumtunda mpaka kukafika pachilumbacho, napanga mseu wotalika pafupifupi mamita 1,200. Anautcha Heptastadion, kutanthauza miyeso isanu ndi iwiri ya Chigiriki. Mseuwo unkagwira ntchito zingapo nthawi imodzi: unali njira ya anthu, unali khoma lothyola mphamvu ya mafunde, ndiponso unagawa madziwo kukhala madoko awiri, lakum'mawa ndi lakumadzulo. Strabo, wolemba za maiko amene anakhalako mumzindamo zaka zingapo, akufotokoza kuti unali ndi mipata iwiri yokhala ndi milatho kuti zombo zizidutsa kuchoka doko lina kupita lina, ndiponso kuti unkanyamula ngalande ya madzi akumwa opita pachilumba.

Nsanja ya nyali inamangidwa kumapeto a chilumbacho cha kum'mawa. Ntchito inayamba mu ulamuliro wa Ptolemy Woyamba ndipo inatha m'masiku a mwana wake, Ptolemy Wachiwiri, cha m'ma 280 BC. Chifukwa chake Strabo akuchinena poyera: gombe la Egypt ndi losalala, lopanda phiri loti wapanyanja azindikirirepo malo, ndipo pakhomo pa doko pali matanthwe, ena oonekera, ena omira. Popeza phiri panalibe, anthu anamanga lawo. Pliny, wolemba wa Chiroma, akuti mtengo wake unali matalente 800. Inali ya zigawo zitatu: chapansi cha ngodya zinayi, chapakati cha ngodya zisanu ndi zitatu, chapamwamba chozungulira, ndipo pamodzi zinkapitirira mamita 100. M'dziko lonse la Egypt ndi mapiramidi akuluakulu okha amene ankaiposa. Chodabwitsa n'chakuti Agiriki ndi Aroma, amene anakhala nayo zaka mazanamazana, anaitamanda kwambiri koma sanaifotokoze mwatsatanetsatane. Anatisiyira chithunzi chake chaching'ono pa ndalama zachitsulo, ndi kansanja kofanana nako ku Abusir, kumadzulo kwa mzindawo. Chinthu chimene munthu amachiona tsiku ndi tsiku sachiyeza.

Dzina limene limamveka pa ntchitoyi ndi la Sostratus wa ku Cnidus. Lucian, m'kabuku kake kophunzitsa kalembedwe ka mbiri, akusimba kuti Sostratus anazokota dzina lake pamwala, kenaka nalimata ndi njereza ndi kulembapo dzina la mfumu, podziwa kuti zaka zikadzapita njereza idzasuwa ndipo chotsala chidzakhala cha pamwala. Nkhaniyi ili ndi fungo la nthano, ndipo Lucian anaibweretsa pofuna kulangiza olemba mbiri kuti azilembera a mtsogolo osati okondweretsedwa lero. Tiisunge pambali pang'ono, pakuti tikumana ndi munthu wina amene anaima pansi pa khoma la nsanjayo akuyang'ana zilembo.

Mseu wa m'nyanjawo sunali wa oyenda mwamtendere okha. Julius Caesar, pamene anatsekeredwa mu Alexandria pankhondo ya m'zaka za 48 ndi 47 BC, anazindikira kuti wogwira Pharos ndiye wogwira khomo la doko, ndipo anamenyera mseuwo ndi milatho yake. Nkhondoyo inamutembenukira. Asilikali ake anathawira m'mabwato mopanikizana, iye mwini nadziponya m'madzi n'kusambira kupita ku chombo chapatali. Olemba mbiri ya moyo wake amawonjeza kuti dzanja limodzi analikweza m'mwamba kuti mapepala ake asanyowe.

Pamene gulu la nkhondo la Amr ibn al-As (Allah asangalale naye) linalowa mu Alexandria m'chaka cha 642, nsanjayo inali itaima kale zaka zoposa 900. Apa ndi pamene mabuku ambiri a sukulu amadumpha, ngati kuti chodabwitsa cha Agiriki chinangokhala chodikira chivomezi. Kudumpha kumeneku n'kolakwa. Kuchokera pamenepo nsanjayo inaimanso zaka pafupifupi 700, ndipo zaka zimenezo sizinali zaulere, chifukwa nyumba yoima pathanthwe lomenyedwa ndi mafunde ndi mphepo yamchere siikhala yokha popanda woisamala. Likulu la dziko linasamukira ku Fustat, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, koma Alexandria inakhalabe khomo la malonda ndiponso malire oyang'anizana ndi zombo zankhondo za Byzantium. Aarabu anaitcha al-Manara, malo a moto kapena a kuwala, naikamo alonda oyang'anira nyanja masana ndi osonkha moto usiku.

Zoonadi, zolemba za Chiarabu nazo zili ndi nthano zake. Yotchuka ndi ya kalilole wamkulu wa pamwamba pa nsanja, amene ankati ankaonetsa zombo zikadali kutali kwambiri, ndipo ena ankafika ponena kuti ankatha kuzitentha ndi dzuwa. Al-Mas'udi akusimba kuti mfumu ya Byzantium inatuma kazitape kwa Khalifa al-Walid ibn Abd al-Malik, amene ananamizira kulowa Chisilamu, namunyengerera Khalifayo kuti pansi pa nsanja pali chuma cha Alexander. Atagumula mbali yapamwamba ndi kuwononga kalilole uja, kazitapeyo anathawa usiku. N'kovuta kuilandira nkhaniyi monga mbiri, koma ikuonetsa chimene anthu a mumzindawo ankaopa: kuti dyera la olamulira lingathe kuwachotsera maso awo a panyanja. Al-Mas'udi yemweyo, akamanena za m'masiku ake, mawu ake amakhala a munthu wina: akulemba kuti m'mwezi wa Ramadan wa chaka cha 344 cha Hijri, chimene ndi kumayambiriro kwa 956, chivomezi chinagwetsa mikono pafupifupi 30 ya pamwamba pa nsanjayo.

Kugwa kotere kunachitika kangapo, ndipo kukonza nakonso kunachitika kangapo. Ahmad ibn Tulun, amene analamulira Egypt kuyambira 868 mpaka 884, anakonzetsa pamwamba pake naikapo denga lozungulira lamatabwa. Patsogolo pake panadzakhala kamzikiti pansonga penipeni. Al-Idrisi, amene anatsiriza buku lake la za maiko mu 1154, anachita chidwi ndi miyala ya m'munsi, yolumikizidwa ndi mtovu wosungunula kotero kuti mafunde ankalephera kuigwedeza. Sultan Baybars nayenso analamula kukonza mbali zowonongeka cha m'ma 1270.

Anthu wamba a mu Alexandria anali ndi tsiku lawo lopitira ku Manara. Al-Maqrizi akusimba za tsiku lotchedwa Khamis al-Adas, ndiko kuti Lachinayi la Mphodza, dzina limene ku Egypt linkaperekedwa ku Lachinayi loyandikira Pasaka ya Akhristu a Chikoputi. Pa tsikulo mzinda wonse unkakhamukira ku nsanja, aliyense ndi kamba wake, ndipo mphodza sizinkasowa pa chakudyacho. Chitseko chinkatsegulidwa, anthu n'kulowa. Ena ankatchula Allah, ena ankaswali, ena ankangosewera ndi kucheza, mpaka dzuwa litafika paliwombo. Kuyambira tsiku limenelo alonda ankayamba kuyang'anitsitsa nyanja, popeza nyengo yoyenda zombo inali itatseguka, ndipo zombo za adani zinkabwera ndi mphepo yomweyo imene inkabweretsa za amalonda. Taganizani khamu limenelo pa njira yopapatiza ya pakati pa madzi, ana ndi akulu, miphika pamutu.

Mwa alendo onse, woyenera kumukumbukira kwambiri ndi wosatchuka kwenikweni: Abu al-Hajjaj Yusuf ibn Muhammad al-Balawi, wodziwikanso kuti Ibn al-Shaykh, wa mumzinda wa Malaga ku Andalus. Anali wophunzira za chiyankhulo ndi chipembedzo, komanso ankadziwa ntchito ya zomangamanga. Anafika mu Alexandria cha m'ma 1165 ali paulendo wa kum'mawa wa Hajji ndi maphunziro. Iye sanakhutire ndi kuima patali n'kugwira pakamwa. Anapita ku nsanjayo ndi pepala, inki ndi chingwe chomangirira mwala kunsonga, ndipo zimene anapeza anaziika m'buku lotchedwa Kitab Alif Ba, limene analembera mwana wake. Ndi buku la nkhani zosiyanasiyana, ndipo nsanja ya Alexandria inangotenga masamba ochepa chabe.

Kufotokoza kwake kumayambira pa njira. Munthu ankayenda pa khoma lomangidwa m'madzi, lotalikirako pang'ono pamwamba pa nyanja, ndipo nyanja ikakalipa madzi ankasefukira pamwamba pake n'kunyowetsa mapazi a oyenda. Khomo la nsanja silinali pansi. Linali m'mwamba, ndipo ankalifikira pa chikweza chomangidwa pamwamba pa makoma 16 okhota ngati uta, lililonse lalitali kuposa linzake, kotero kuti pansi pa lomalizira munthu wokwera pa hatchi akanadutsa dzanja lili m'mwamba osakhudza denga. M'kati mwa chigawo chapansi munalibe makwerero koma njira yokwera pang'onopang'ono mozungulira, yotakata moti okwera pa hatchi awiri akanapatukirana. M'mbali mwake munali zipinda makumi angapo, ndipo iye anaziwerenga pamene ankakwera, kulemba mtunda wa pakati pa gulu lina la zipinda ndi linzake. Atafika pamwamba pa chigawo choyamba anatsitsa chingwe chake mpaka mwala utagunda pansi, nawerenga mikwamba. Anachita chimodzimodzi pa chigawo chachiwiri. Pansonga anapeza kamzikiti kaja.

Pa khoma lina la nsanjayo al-Balawi anaona zilembo zakale zimene sanathe kuziwerenga. Akuti zinali za mwala wakuda wolimba wolowetsedwa m'khoma, ndipo popeza mphepo ndi madzi amchere zinali zitadya mwala wofewa wozungulira, zilembozo zinatumphuka n'kuonekera bwino. Wowerenga amene akukumbukira nkhani ya Lucian sangalephere kuyerekeza, ngakhale kuti kuyerekeza si umboni. Chimene chimandigwira mtima ndi chimene al-Balawi anachita pamenepo. Munthu wina akanapeka tanthauzo, monga ankachitira alendo ambiri a nthawi imeneyo akakumana ndi zolemba za anthu akale. Iye anangotenga muyeso wake n'kuyeza kutalika kwa zilembozo, nalemba zimenezo.

Patapita zaka zosakwana 20, mu 1183, kunabwera Mu-Andalus wina, Ibn Jubayr, mlembi wa bwanamkubwa wa Granada. Iyeyu anailawa nsanjayo mbali zonse ziwiri. Choyamba anaiona ali m'chombo cha anthu a ku Genoa chimene anakwera ku Ceuta, atakhala pafupifupi mwezi wathunthu panyanja ndi kupulumuka namondwe. Atatsika, ndi kudandaula za nkhanza za okhometsa msonkho a padoko amene ankasanthula katundu wa opita ku Hajji, anayenda wapansi kukaiona. Akuti inkaoneka kuchokera pa mtunda woposa mamailosi 70, ndipo mbali imodzi ya tsinde lake, imene anaiyeza yekha, inapitirira mikwamba 50. Anakwera naswali mumzikiti wa pamwamba. Zolemba zake zili ndi kutentha kwa munthu amene kuwala kumeneko kunali kutangomulandira kuchokera ku zoopsa, koma pa miyeso sizifika pa za al-Balawi.

Chiyambi cha mapeto chinali chivomezi chachikulu cha mu Ogasiti 1303, chimene chinayambira cha ku chilumba cha Crete n'kugwedeza gombe lonse la Egypt, ndipo mafunde aakulu analowa mu Alexandria. Olamulira a Chimamluki anayesa kukonza, koma nsanjayo sinabwererenso mwakale. Ibn Battuta wa ku Tangier, yemwe uja anadzafikanso ku Mombasa ndi ku Kilwa, anaichezera mu 1326 napeza mbali imodzi itagumuka. Chikweza cha makoma okhota sakuchitchulanso. Akuti moyang'anizana ndi khomo munali nyumba ina yofanana nalo msinkhu, ndipo pakati pake ankayalapo matabwa; akachotsa matabwawo panalibenso polowera. Akufotokozanso kuti nsanjayo inali kumapeto a mtunda wautali wopyapyala wozingidwa ndi nyanja mbali zitatu, ndipo pa mtundawo panali manda a mzinda. Mawu amenewa akuulula chinthu chofunika: pofika nthawi yake, chimene chinali mseu wa miyala pakati pa madzi chinali chitasanduka nthaka yokwanira kuikamo maliro.

Atabwerera mu 1349 anapeza kuti sikunali kotheka kulowa ngakhale kukwera kufika pakhomo. Akutiuzanso kuti Sultan al-Nasir Muhammad anali atayamba kumanga nsanja ina pafupi nayo, koma imfa yake inaimitsa ntchitoyo. Tiyenera kukumbukira kuti ulendo wachiwiriwu unachitika mliri waukulu wa makoswe utangosesa mzindawo, kuyambira chakumapeto kwa 1347. Chivomezi chinagwetsa miyala, monga chinkachitira kale. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano panalibe manja ndi chuma zoidzutsira. Mu 1477 Sultan Qaitbay anayendera malowo nalamula kuti pa maziko a Manara pamangidwe linga loteteza doko, ndipo linatha patapita zaka ziwiri kapena zitatu. Linga limenelo lilipo mpaka lero, litakonzedwa pambuyo pa mizinga ya zombo za Britain ya mu Julayi 1882, ndipo m'makoma ake muli miyala ikuluikulu yooneka kuti ndi yakale kuposa nyumbayo.

Pamene akatswiri a ku Ulaya anafuna kujambula nsanja yotayikayo, anatembenukira ku mabuku a Chiarabu. Mjeremani Hermann Thiersch anasonkhanitsa zolembazo pamodzi ndi zithunzi za pa ndalama zakale, natulutsa buku lake mu 1909. Zithunzi zambiri za nsanjayi zimene timaona lero zinachokera pa ntchito yakeyo. Iye anapitiriza kunena kuti nsanja za mizikiti zinatengera maonekedwe a Pharos. Mawu okha amakopa kuti tivomere, pakuti manara ndi liwu limodzi pa zonse ziwiri, ndipo Chiswahili chinalitenga n'kukhala mnara. Koma K. A. C. Creswell, katswiri wa mbiri ya zomanga za Chisilamu, anatsutsa ganizoli poonetsa kuti nsanja za mizikiti ya ku Cairo zinafika pa maonekedwe a zigawo zitatu pang'onopang'ono, mwa njira yawoyawo. Kufotokoza kwa al-Balawi kunali kusanalowe m'mkanganowu. Kunadzatulukira pamene Miguel Asín Palacios wa ku Spain anakusindikiza ndi kukutanthauzira mu 1933, patapita zaka zoposa 700 chilembedwere. Nalo dzina la chilumba linayenda ulendo wake: m'Chifalansa nsanja ya nyali ndi phare, ndipo abale athu a ku Mozambique akamati farol m'Chipwitikizi, kaya akunena nsanja ya ku Macuti ku Beira kaya nyali ya galimoto, akutchula Pharos.

Heptastadion yokha sinagwe, inakwiririka. Mchenga ndi matope zimene madzi ankakankha zinkaunjikana mbali zonse ziwiri za khomalo, mipata ya milatho inatsekeka, ndipo m'kupita kwa zaka mazana panabadwa khosi la nthaka lolumikiza chilumba ndi mtunda. M'nthawi ya ulamuliro wa Ottoman, pamene mzinda wakale wa m'kati mwa malinga unatsala mabwinja, anthu anasamukira pa khosi limeneli. Choncho amene akuyenda lero kuchokera ku Mansheya kulowera ku Anfushi, pakati pa misika ndi nyumba zosanjikizana, akuponda pamene panali madzi ndi khoma la mafumu a Chigiriki. Akatsata gombe la doko lakum'mawa amadutsa mzikiti wa Abu al-Abbas al-Mursi, nayenso mwana wa ku Andalus, kenaka mabwato a asodzi, mpaka kufika pa msewu wopapatiza wolowera ku linga la Qaitbay, pamene mabanja amakhala madzulo pa miyala yotchinga mafunde ndipo anyamata amaponya mbedza.

Zotsala za nsanja zili pansi pa madzi, pafupi ndi lingalo. Kamel Abul-Saadat, mwana wa mumzindamo wodziwa kumira, ndiye anayamba kuuza akuluakulu za zipilala ndi zifanizo zimene ankaziona m'nyanjamo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo Honor Frost wa ku Britain anayendera malowo mu 1968 motumidwa ndi UNESCO. Kenaka nkhaniyo inazizira. Inadzatenthanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene pofuna kuteteza linga la Qaitbay ku mafunde anayamba kuponya m'nyanja zibuma zikuluzikulu za simenti kuti zikhale khoma latsopano, ndipo zibumazo zinkagwera pamwamba penipeni pa mabwinja. Asmaa el-Bakri, wojambula mafilimu wa ku Egypt, anadandaula poyera, ntchitoyo inaimitsidwa, ndipo mu 1994 gulu la Jean-Yves Empereur linayamba kumira ndi kulemba mwala uliwonse pa mapu. Anapeza zidutswa zikwi zingapo, zina zolemera matani oposa 50, zitagona mondondozana kuchokera patsinde pa linga monga zinagwera. Chifanizo chachikulu cha mmodzi wa mafumu a banja la Ptolemy, chimene anachivuula pamenepo, chaimikidwa tsopano panja pa nyumba yatsopano ya mabuku ya Alexandria, kutsidya lina la doko lomwelo.